Ba Nambewe, Mwini Nyimbo za pa Bwalo la Basiketi

Ba Nambewe tinawaika m'manda Lachinayi lapitali. Abusa ananena zoona zokhazokha: kuti anali mayi wa pemphero, kuti analera ana asanu ndi nyundo yophwanyira miyala, kuti bambo awo anachoka ku Dowa, kuwoloka malire, kudzagwira ntchito kuno ndipo sanabwererenso. Za bwalo la basiketi sanatchule n'kamodzi komwe. Mwina anaona kuti si nkhani ya pamanda. Ine ndinabwerera kunyumba mtima usanakhale pansi, ndiye ndatenga cholembera.

Dzina langa ndine Daka, wowotcherera zitsulo kuno mukomboni ya Kalingalinga. Sukulu ndinalekera giredi seveni. Mizati iwiri ya pabwalo la sukulu ya kuseri kwa msika ndinaimika ndine, pamodzi ndi maringi ake olowamo mpira, ndipo mpaka lero sinapendeke. Za ine zathera pomwepa.

Mayiyu ankatsogolera atsikana ochemerera. Timu ya sukulu ikamasewera, atsikana khumi ndi asanu ndi mmodzi ankaima mizere iwiri pafumbi, m'mbali mwa simenti, kuimba, kuomba m'manja, kuponda pansi pamodzi. Iwo ankaima kumapeto kwa mzere, chitenje chomanga kolimba, nsapato za pulasitiki. Sanali mphunzitsi. Palibe anawalemba ntchito. Chimene chinandizunguza mutu zaka zonsezi n'chakuti malamulo a basiketi sankawadziwa, ndipo sankafuna kuwadziwa. Refu akaimba wezulo, ankafunsa mwana wapafupi kuti walakwa ndani. Akauzidwa ankangoti "oho," basi.

Mpirawo sankauyang'ananso. Nkhope inkakhala kwa atsikana awo, msana ku masewera, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yomva kabawi. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Ba Nambewe, muona bwanji vinthu na msana?"

"Ba Daka, imwe chisulo chikagwilana bwino, mumaziba na maso chabe?"

Chitsulo chikamagwirana bwino chimalira mosalekeza ngati mafuta pamoto. Chikamanama chimathetheka modukiza. Ndinali ndisanauzepo munthu zimenezo.

Ankanena kuti mwana wotopa amagunda mpira molemera, wamantha amaugunda pafupipafupi, ndipo wodzikuza amakhala nawo mpaka khutu litatopa. Nyimbo ankasankha potengera zimene amva. Anyamata akamathamanga mopupuluma, ankayambitsa yodekha, ya mapewa okha, ndipo unkaona mpira nawonso ukudekha. A timu ina akaulanda, ankakuwa kuti, "Khomani geti!" atsikana n'kuyankha, "Takhoma!" mapazi onse awiri pansi, anyamata asanu aja n'kubwerera kumbuyo manja ali m'mwamba. Ukabwerera kwathu:

"Uli na ndani?"

"Na wathu!"

"Uyenda kuti?"

"Mu dengu!"

Lamulo limodzi lokha ndi limene analola kuphunzira. Timu ikagwira mpira ili ndi kanthawi koyezedwa kuti iponye. Bwalo lathu lilibe wotchi, refu amawerengera yekha pa dzanja lake. Ba Nambewe anapeka nyimbo yotalika ndendende kanthawi kameneko. Ikamafika kumapeto, mnyamata amene ali ndi mpira ankadziwa kuti aponye, kaya ali pafupi kaya ali patali. Masukulu ena ankayesa kuti ana athu ali ndi wotchi m'mutu. Wotchiyo inali mayi wophwanya miyala.

Manja awo anali ngati matabwa. Akaomba kamodzi, agalu a kumsika ankadzuka.

Chiyambi chake chinali miyala yomweyo. Pomanga bwalo, miyala yosakaniza ndi simenti inachokera kwa amayi ophwanya m'mbali mwa msewu, ndipo mulu waukulu unali wa ba Nambewe. Tsiku la masewera oyamba anabwera kudzaona ngati simenti ing'aluke. Sinang'aluke. Chimene anapeza ndi ana akukuwa aliyense zake, ena akutukwana amayi a anzawo. Anapirira theka loyamba. Kenaka anatola mwala n'kuyamba kugogoda mzati wanga: kamodzi, kawiri, kupuma, kamodzi, kawiri. Ndi mmene amayi aja amagwetsera nyundo akakhala pamzere, kuti mkono usafulumire kutopa. Ana anayamba kutsatira ndi manja. Pofika kumapeto, phokoso lija linali litapeza mwini wake.

Pa mzati umenewo tinakangana zaka zitatu. Ine kupaka penti, iwo kugogoda, penti kusupuka, dzimbiri kulowa.

"Amai, ichi si belu ya sukulu."

"Nanga munachipangila chani na mau abwino so?"

"Muzachiononga."

"Chaimilila pa myala yanga. Chosani, tione ngati chizaima pa mphepo."

Potsiriza ndinadula kachidutswa ka sipuling'i ya lole yakale, ndinakaboola, n'kukapachika pa waya. Anakagogoda kamodzi, n'kunena kuti kakulankhula ngati munthu wa chimfine. Koma anakalandira. Zikomo sananene. Inenso sindinamuyembekezere.

Wina amene anakangana nawo ndi ba Sakala, mphunzitsi amene ali kochi wa timuyo. Anabwera ndi foni kudzawaonetsa kanema wa atsikana a kunja akuponyana m'mwamba, wina kuima pamapewa a mnzake. Ba Nambewe anaonerera mpaka kumapeto, kawiri. Anafunsa kuti pansi pamene akugwerapo pali chiyani. Atamva kuti ndi matabwa ndi matiresi, anabweza foni n'kunena kuti mwana wa munthu si thumba la makala, ndiponso kuti simenti ija akuidziwa kulimba kwake kuposa wina aliyense. Komabe sanachoke chimanjamanja. Anaona mphonje zimene atsikana a m'foniwo ankagwedeza. Mlungu wotsatira ana awo anabwera ndi masaka a ufa osasulidwa ulusi, omangirira pa timitengo, oyera mbee, omveka waa ngati mvula ikubwera. Anatengamonso kusinthana kwa mizere, wakutsogolo kudutsa m'mipata ya wakumbuyo osagundana. Zina zonse anati zikhale komweko.

Pa zonyoza anali ndi malire awo. Dzina la mwana wa timu ina silinkalowa m'nyimbo. Amake munthu, ayi. Komboni yake, ayi. Nsapato, inde. Sukulu ina ikabwera itavala zatsopano zokhazokha, atsikana ankaimba kuti, "Nsapato ni zanyowani, mpila ni wa bene!" Nditafunsa chifukwa chake nsapato zokha, anati nsapato ilibe amake oti angalire.

Poyamba amayi a mukomboni sankafuna n'kumva komwe. Mwana wamkazi kuvina pamaso pa anyamata othamanga ndi makabudula, anati zimenezo mapeto ake amadziwika. Amene ankatsogolera kukanako anali amake Tamara, mayi wosoka zovala pamsika, amene akanena chinthu anzake safunsanso. Ba Nambewe anayenda khomo ndi khomo kwa mwezi. Pangano linatuluka motere: chitenje pamwamba pa yunifomu, chiuno chisagwedezeke, gule akhale wa mapazi ndi mapewa. Ndipo tsiku limene gululo lidzachititse komboni manyazi, lidzathera pomwepo, popanda kukhalanso pansi. Amake Tamara anaperekamo mwana wawo yemwe kuti akhale diso lawo. Tamarayo ndiye anasanduka woimba kuposa onse.

Tsopano ndinene za Loweruka lija.

Kuseri kwa ringi ya kum'mawa kuli mpanda wa waya, ndipo mapazi khumi kuchoka pampandawo pali nyumba ya ba Mulenga, Mbemba wa ku Kopala, dera la migodi, amene anadzapumira ntchito kuno. Anamwalira Lachisanu m'mawa. Loweruka linali tsiku la masewera otsiriza a chaka, olimbirana chikho ndi sukulu ina ya ku Chainda. Tenti ya maliro inafika mpaka pa waya. Amuna anakhala pamipando moyang'ana bwalo, chifukwa kwina koyang'ana kunalibe.

Ba hedi a sukuluyo anapita kusiwako kukapepesa. Achibale anati masewera ndi a sukulu, alendo anapangana kale za basi, mpira ndi wezulo apirira, koma nyimbo ayi. Amake Tamara, amene ankathandiza ntchito kumaliroko, anatumiza mawu awoawo: akangomva kuchemerera ngakhale kamodzi, pangano lija latha.

Ine ndinali pamakwerero, kumangirira ukonde watsopano, pamene ba Sakala anafika akutuluka thukuta.

"Amai, imbani chabe pansi-pansi. Banyamata bazasokonezeka, banazolowela nyimbo."

"Pansi-pansi ni nyimbo futi."

"Manje tizachita bwanji? Wotchi tilibe. Chikho chizayenda ku Chainda."

"Chikho chikayenda chizabwela chaka chamawa. Bana aba bakabachosa, simuzabaonanso. Imwe samalani mpila, bana banga nisiyileni."

Minibasi ya ku Chainda inafika ndi ng'oma ziwiri. Ba Nambewe anapita okha pakhomo la basiyo, analoza tenti, n'kulankhula ndi mphunzitsi wa alendowo mawu ochepa. Ng'oma zinatsala pampando wakumbuyo.

Kenaka anauza atsikana awo kuti avule nsapato. Mphonje anazisonkhanitsa m'thumba n'kumanga pakamwa. Anawatengera kuseri kwa kalasi, ndipo anakhalako nthawi yosakwana n'kuwotcherera chitseko chimodzi. Ine ndinkayesa kuti akukawauza kuti akhale pansi aonerere ngati wina aliyense.

Zimene anatuluka nazo sindinazionepo kwina kulikonse. Nyimbo zonse zinaimbidwa tsiku limenelo, palibe inasiyidwa, koma popanda mawu. Milomo ikuyenda. Manja akubwera kudzaomba, n'kuima patatsala mpata wa chala chimodzi. Mapazi opanda nsapato akuponda fumbi, fumbi n'kumakwera lokha. Ya geti, onse ankapingasa mikono pachifuwa nthawi imodzi. Yowerengera ija, ankatsika pang'onopang'ono, mawondo akupindika, ndipo akafika pogwada mnyamata ankadziwa kuti aponye. Ba Nambewe, msana ku masewera monga mwa masiku onse, ankatsogolera ndi chigongono ndi nsidze. Pabwalo ponse pankamveka mpira, nsapato za osewera zikulira pasimenti, ndi kupuma kwa anyamata.

Theka loyamba anyamata athu anasokonezeka ndithu. Kawiri wezulo inawapeza mpira uli m'manja, chifukwa khutu linkadikira nyimbo imene sinkabwera. Kenaka anaphunzira kuponya diso kumbali.

Ndinayang'ana ku tenti. Amuna anali atasiya kunong'onezana. Mkulu wina, chipewa chili pabondo, mutu wake unkatsika limodzi ndi atsikanawo n'kudzukanso mpira ukaponyedwa. Theka lachiwiri, atsikana a ku Chainda nawonso anavula nsapato n'kuyamba kutsanzira, mochedwerapo pang'ono.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, a ku Chainda ankatsogola ndi imodzi. Mpira unali kwathu. Atsikana anayamba kutsika. Mnyamata wathu anafuna mpata, sanaupeze, anafunanso. Mawondo atangokhudza fumbi, anaponya ali pomwepo. Mpira unazungulira ringi yanga kawiri n'kugwera mkati.

Tamara anakuwa.

Unali mfuwu umodzi, wakuthwa, wa mwana amene wasunga mawu m'mimba kwa ola lathunthu. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma unali utatuluka kale. Kuseri kwa waya amayi anatembenuka. Amake Tamara anaimirira, mbale yonyowa ili m'manja.

Mfuwuwo usanazime, ba Nambewe anaulandira. Anaika manja kumutu n'kuyamba kulira maliro ndi mawu awo onse, monga amachitira mayi amene wangofika pakhomo la siwa.

"Mayo ine! Ba Mulenga mwatisiya! Baneba bathu mwatisiya!"

Anagwira Tamara padzanja n'kulunjika ku geti. Atsikana anatsatira pamzere, opanda nsapato, a ku Chainda pambuyo pawo. Ndinaona aliyense wa athu akusolola duku m'chiuno mwa chitenje n'kumanga kumutu akuyenda. Pofika pa geti kulira kunali kutasanduka nyimbo ya mumpingo. Anazungulira mpanda, anadutsa pambali pa tenti atawerama, n'kulowa m'nyumba mogwada. Chikho chinatsala patebulo la ba hedi. Anyamata a matimu onse awiri, posowa chochita, anavala malaya n'kukakhala pansi pafupi ndi akulu.

Za mkatimo ndinamva kwa mkazi wanga, amene anakhala pafupi ndi namfedwa. Bana Chanda, mkazi wa malemu, anali pa matiresi pakona. Anadikira nyimbo ithe, n'kukodola ba Nambewe kuti asendere. Abemba ndi ife a kum'mawa timanyozana ngakhale pa maliro. Ndi mwambo, ndipo palibe amakwiya.

"Imwe bakudya mbeba," anatero motsitsa mawu, "mwafika pakuba na malilo yanga?"

"Tabwela kulila, mayo."

"Nankhala kuseli kwa waya uja zaka zingati? Niziba kulila, niziba na mpila ukangena."

Ba Nambewe anangoyang'ana pansi. Bana Chanda anawafunsa motsitsabe mawu.

"Bawina bandani?"

"Bathu."

"Na zingati?"

"Na imozi."

Bana Chanda anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Bashi Chanda, bamuna banga, benze kutukwana chongo cha nyimbo zanu Loweluka lililonse. Koma benze kutukwanila pa windo, osachokapo mpaka masewela yasile." Kenaka anakweza mawu, kuti afike panja pamene amayi ankatsuka mbale. "Bana aba banilemekeza. Bapaseni mabaketi batape manzi."

Atsikana a masukulu awiri anatunga madzi mpaka migolo yonse itadzaza. Mwini maliro anali atawalandira pamaso pa anthu, ndiye wina akanatinso chiyani? Lolemba Tamara anali pamzere, chitenje chake chili m'chiuno. Amake sanaitchule nkhaniyo kwa aliyense. Anangosiya kupereka moni kwa ba Nambewe mpaka mvula itagwa.

Ine maduku aja ndi amene sanandigoneke tulo. Patapita masiku ndinawapeza pamulu wawo wa miyala.

"Ba Nambewe, maduku yaja yanachoka kuti?"

"Ku manyumba kwao. Ninabauza pa Chisanu."

"So munaziba kuti wina azakuwa?"

"Ba Daka, bana sikisitini, mpila wa chikho. Ninadabwa chabe kuti banafika mpaka kumapeto."

"Nanga misozi ija? Yenze yazoona?"

Anaika nyundo pansi n'kundiyang'ana.

"Ba Mulenga benze baneba banga zaka zambili. Misozi yao nenze nayo kale. Ninasankha chabe nthawi."

Bodza ine sindilikonda. Ndinachotsapo anthu ntchito chifukwa chopaka penti pamwamba pa chitsulo chosagwirana. Nkhani iyi ndaitembenuza uku ndi uku kwa zaka, kufuna pamene bodza lili, ndipo sindinapapeze. Anthu ena mukomboni amati anapusitsa maliro. Ena amati anawalemekeza kuposa ife amene tinangokhala mu tenti. Mwini wake sanadziteteze n'kamodzi komwe.

Zaka zotsiriza makutu anayamba kuwathawa. Ndinkayesa kuti asiya. M'malo mwake ankavula nsapato imodzi n'kuika phazi pamphepete pa simenti, kuti mpira aziumva ndi chidendene. Ankalakwitsa nthawi zina, kuyambitsa ya geti mpira uli kwathu, ndipo atsikana ankayankha ndithu kuti "Takhoma!" n'kuisintha okha mwakachetechete. Miyendo itatupa anasiya kubwera. Ana ankapita kwawo kukaimba nyimbo zatsopano pakhonde, iwo n'kumayang'ana mapazi awo, kuvomereza kapena kukana ndi mutu. Palibe imodzi imene inalembedwa. Nditawauza kuti mdzukulu wawo alembe m'buku, anati nyimbo imene ikufuna buku kuti ikumbukike ndi yoyenera kuiwalika.

Dzulo ndinadutsira kusukuluko. Mvula inali itangokata. M'mbali mwa simenti muli ngalande ziwiri zazitali zimene mapazi a atsikana anakumba chaka ndi chaka, ndipo kumapeto kwake kuli kadzenje kozungulira, kakuya kuposa ngalandezo, pamene iwo ankaponda. Munali madzi, ndi udzu wanthete m'mphepete. Atsikana anali akuyeserera, koma mzere wawo unayambira phazi limodzi kuchoka pamenepo. Wina ankayambitsa nyimbo, ena awiri n'kuyambitsanso yomweyo mochedwa, onse n'kuseka, n'kuyambiranso. Palibe anaponda m'kadzenjemo, ngakhale posinthana mizere. Ankakalambalala.

Ba Sakala anandiona ndaima. Anati madziwo aswetsa udzudzu, ndipo anandifunsa ngati ndingabwere ndi wilibala ndithirepo dothi kuti pafanane.

Ndawauza kuti ine ndine wa zitsulo. Za dothi afunse ena.